Mawu a Mwana Amakulira Pomwe Apatsidwa Malo

Makolo athu, abale ndi alongo m'Chisilamu, inu a ku Nkhotakota, Salima, Mangochi, Makanjira ndi madera onse a m'mphepete mwa nyanja. Landirani moni wochokera kuno ku mapiri a kwa Msakambewa m'boma la Dowa, kumene madzi a udhu wa m'bandakucha amaluma zala m'nyengo ya chisanu.

Ulendo uno tikambirane za woyimba. Tikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kukwinya nkhope, kuti kodi mwalimu wa madrasa ndi nkhani za oyimba zakumana pati? Dekhani, akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhaniyi ikukhudza mwana amene ali m'nyumba mwanu momwemo, uja amang'ung'udza nyimbo akamatsuka mbale, akamayanika usipa pathandala, kapena akamapita kudambo ndi mbuzi. Funso lathu ndi limodzi: mawu amene Allah anamupatsa mwanayo akakulira kuti, ndipo akawalera ndani?

Ku America kuli chamba cha nyimbo chotchedwa soul, dzina lomwe pa Chingerezi limatanthauza mzimu wa munthu. Chambachi chinabadwira m'matchalitchi a anthu akuda, ndipo chinafalikira m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Achinyamata amene anazolowera kuyimba m'kwaya ndi mtima wonse, mpaka mpingo kugwetsa misozi, anatenga kayimbidwe komweko n'kupita nako m'mawayilesi ndi m'maholo. Sam Cooke anali mwana wa m'busa, ndipo anayamba kudziwika m'gulu la nyimbo zauzimu la Soul Stirrers asanatchuke ndi nyimbo zachikondi mu 1957. Aretha Franklin, amene anabadwa mu 1942 ndipo dziko linamutcha mfumukazi ya soul, anayambira m'tchalitchi cha New Bethel Baptist mumzinda wa Detroit, momwe bambo ake, a C. L. Franklin, anali m'busa. Atatchuka kale ponseponse, mu 1972 anabwerera m'tchalitchi kukajambula chimbale cha nyimbo zauzimu. Onsewa dziko linawaona atakula kale, koma amene anawalera ndi nyumba yopempherera.

Kwathu kuno munthu amene anayenda njira imeneyi moonekeratu ndi malemu Lucius Banda. Chamba chake ambiri ankachitcha rege ya ku Balaka, koma mbiri yake ndi yofanana ndi ya oyimba tawatchulawa: mwana wa mmphawi, woleredwa pabwalo la tchalitchi, amene mawu ake anadzafika pokhudza mtima wa dziko lonse.

Lucius anabadwa pa 17 August 1970 m'mudzi mwa Sosola kwa Mfumu Nsamala ku Balaka, panthawi imene Balaka inali idakali mbali ya boma la Machinga. Mu 1978 pa parishi ya Katolika ya Balaka panabadwa gulu la Alleluya Band. Wansembe wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici, anaima nawo anyamatawo ndi kuwathandiza kupeza zida, ndipo amene ankatsogolera gululo anali Paul Banda, mkulu wake wa Lucius. Mu 1983, ali ndi zaka 13, Lucius anayamba kuyimba m'gululi pambuyo pa mkulu wakeyo.

Tiyeni tiwerenge pazala zimene mnyamatayo anapeza pamenepo. Anapeza denga lophunzirira. Anapeza zida zimene makolo ake sakanatha kumugulira. Anapeza womuongolera akaphonya. Anapeza anthu omumvetsera sabata ndi sabata. Anapezanso akuluakulu amene ankaona kuti nthawi yothera pa mwana woyimba si nthawi yotayika. Anakhala m'manja amenewa pafupifupi zaka khumi dzina lake lisanamveke palokha. Mu 1993 anapita ku Johannesburg kukawonjezera maphunziro a zoyimba ndi kukajambula, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, dzina lotanthauza mwana wa munthu wosauka.

Nthawi nayo inamukomera. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo kalatayo inasindikizidwa ku Balaka komweko. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Pa 17 May 1994 anasankha a Bakili Muluzi, Msilamu woyamba kukhala mtsogoleri wa dziko lino. Anthu amene anakhala zaka makumi atatu akulankhulira kunsi kwa bulangete anali ndi zambiri zofuna kunena, ndipo mnyamata wa ku Sosola anawanenera. Nyimbo yake ya Mabala inakamba za zilonda zimene ulamuliro wakale unasiya m'mitima ya anthu. Anayimba za amphawi, za ana amasiye, za akaidi, za atsogoleri oiwala amene anawasankha. Anthu anamutcha Soja, msilikali wa anthu osauka.

Ife amene tili m'zaka za makumi atatu tinakula tikumva mawu amenewa. Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi mlimi akagulitsa fodya ku Kanengo ankabwera ndi wayilesi ya kaseti ndi mabatire, ndipo madzulo mudzi wonse unkamvera limodzi. Kwanu kunyanjako zinali chimodzimodzi m'magolosale, m'maminibasi ndi pamadoko. Tisanamizane, Asilamu ambiri ankawadziwa makasetiwo kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mu 1997 Lucius anayambitsa gulu lake la Zembani Band, ndipo zimene anachitiridwa iye anachitiranso ena. Oyimba monga Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro anadutsa m'manja mwake, mpaka Balaka inasanduka likulu la nyimbo m'dziko muno.

Koma kutchuka kuli ndi mtengo wake. Mu 2004 anasankhidwa kukhala phungu wa kumpoto kwa Balaka pansi pa chipani cha UDF. Mu 2006 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wokhudza setifiketi ya sukulu imene anapereka pofuna kupikisana nawo pa chisankho, ndipo anataya mpando n'kulowa m'ndende ya Zomba. Anatuluka patapita miyezi yowerengeka atachita apilo, ndipo panali ambiri amene ankati mlanduwo unali ndi fungo la ndale. Chimbale chake cha Cell 51 Maximum chinatenga dzina kuchokera ku chipinda cha m'ndendemo. M'nthawi ya ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika wayilesi ya boma inaleka kuulutsa nyimbo zake zina. Anayambitsa Sand Music Festival, chikondwerero cha nyimbo chimene inu a ku Salima ndi Mangochi munachiona pamchenga wa nyanja yanu. Anabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, analowa chipani cha UTM, ndipo mu 2020 anakhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa nkhani za achinyamata ndi luso. Anavutika zaka zingapo ndi matenda a impso, ndipo anamwalira pa 30 June 2024 m'chipatala cha ku South Africa ali ndi zaka 53. Anaikidwa kwawo ku Balaka.

Za pakati pa iye ndi Mlengi wake si zathu kuweruza. Sanali wa chipembedzo chathu, ndipo si zonse zimene zinkachitika m'maphwando ake zimene Msilamu angazivomereze. Koma nzeru ndi katundu wotayika wa wokhulupirira, akaipeza panjira amatola. Pa moyo wa munthu ameneyu ife tikutolapo zinthu zitatu.

Choyamba ndi chakuti mphatso imafuna mlezi. Balaka ndi dera limene Asilamu ndi ambiri. Kodi m'zaka zimene Lucius ankakula, m'midzi ya Asilamu yozungulira munalibe mnyamata wa mawu okoma ngati iye? Sitikayika kuti analimo. Kusiyana kwake n'kwakuti wina anapeza khomo lotseguka. Zimenezi timazionanso kuno kwa Msakambewa, kumene Asilamufe ndife ochepa pakati pa anansi athu a mpingo wa CCAP, omwe mishoni yawo ya Kongwe inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1890. Anansi athuwa ali ndi kwaya ya ana, kwaya ya achinyamata, kwaya ya amayi, ndipo iliyonse ili ndi tsiku lake lophunzira ndi mtsogoleri wake. Mwana wa mawu abwino sakhala mwezi asanaonedwe. Ngakhale a Gule Wamkulu amadziwa kusankha mnyamata wa dzanja la ng'oma ndi kumuphunzitsa. Aliyense akusamala mbewu yake.

Nanga ife? M'madrasa ambiri mwalimu ndi mmodzi, ana ndi ochuluka, nthawi ndi maola awiri a masana ana atatopa kale ndi sukulu. Onse amawerengera pamodzi mokweza, ndipo mawu a mwana waluso amamira m'phokoso la anzake. Akafika kunyumba n'kuyamba kuyimba, chimene amamva ndi chakuti: "Takhala chete iwe, ukutisokosa!" Ena amawonjezera kuti kuyimba ndi kwa Satana, osamuuza mwanayo kumene angapite ndi mawu akewo. Mwana sataya mphatso chifukwa chokalipiridwa. Amangoinyamula n'kupita nayo kumene akamuombere m'manja. Masiku ano kumeneko sikutali. Pa malo ambiri ochitira malonda pali kachipinda kojambulira nyimbo ndi kompyuta, ndipo foni ya m'manja imafikitsa nyimbo ku Johannesburg tsiku lomwelo. Tikadzamva mwana wathu akuyimba zolaula pa sipika ya pabala, timagwira pakamwa kuti wasochera liti. Anasochera tsiku limene tinamuuza kuti akhale chete popanda kumupatsa china choti anene.

Chodandaulitsa n'chakuti chipembedzo chathu chinalemekeza mawu okoma kuyambira pachiyambi. Pamene mawu a azana anadziwika ku Madina, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analamula kuti aphunzitsidwe kwa Bilal chifukwa mawu ake anali omveka bwino koposa. Bilal, Allah asangalale naye, anali wochokera ku mtundu wa Habasha, kapolo amene Abu Bakr anamuombola. Munthu amene mabwana a ku Makka ankamuyesa katundu ndi amene anakhala woitanira swala woyamba, ndipo dzina lake likutchulidwa mpaka lero. Mtumiki anayamikiranso kawerengedwe ka Abu Musa al-Ash'ari, nafanizira kukoma kwa mawu ake ndi mphatso imene anapatsidwa Mneneri Dawud. Analimbikitsa maswahaba kuti azikometsa mawu powerenga Qur'an.

M'nthawi yathu ino ambiri tinamvapo makaseti a Sheikh Abdul Basit Abdus Samad wa ku Egypt, amene anabadwa mu 1927 ndi kumwalira mu 1988. Anali mwana wa kumudzi, analoweza Qur'an yonse ali wamng'ono, ndipo mawu ake anazungulira dziko lonse, ngakhale osamva Chiarabu ankaima kumvetsera. Dziko lomwelo linabala Umm Kulthum, woyimba wotchuka koposa pakati pa Aarabu, amene anamwalira mu 1975. Nayenso anali mwana wa imamu wa m'mudzi, ndipo katchulidwe kake ka mawu anakaphunzira pa Qur'an. Awiriwa anatuluka pakhomo lofanana n'kulowera njira zosiyana. Ndiye kuti madrasa ikhoza kusula mawu amene dziko lingaime kuwamvera. Kumene mawuwo akathere kumadalira amene akuyenda naye mwanayo akamakula.

Ndipo inu a kunyanja simukusowa poyambira. Makolo anu anasunga sikiri, anasunga kaswida za pa ziyala ndi pa ukwati, m'Chiarabu, m'Chiyao, m'Chiswahili ndi m'Chichewa. Pa nkhani ya zida zoyimbira mashehe amasiyana maganizo kuyambira kale, ena amaletsa, ena amalola ng'oma ya dufu yokha, ena amayang'ana uthenga ndi malo oyimbirapo. Tsamba lino silogamula milandu yotere, funsani shehe wanu amene mumamukhulupirira. Koma palibe shehe amene amaletsa mwana kuwerenga Qur'an mokoma, kuitana azana momveka, kapena kutamanda Allah ndi Mtumiki wake ndi mawu abwino. Bwalo limeneli ndi lalikulu, ndipo m'midzi yambiri lamera udzu.

Chachiwiri chimene tikutola ndi nkhani ya sukulu. Munthu amene dziko lonse linkamuyimbira m'manja anapunthwa pa pepala limodzi la mayeso. Kaya mlanduwo unali ndi ndale kaya ayi, adani ake anapeza pogwira pamenepo. Asilamufe bala limeneli timalidziwa bwino. Agogo athu ambiri anakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawasintha chipembedzo ndi maina, ndipo mantha awowo anali ndi chifukwa. Koma zotsatira zake tinazisenza kwa zaka zambiri, maofesi anadzaza ndi ana a anzathu ife tili kudoko ndi pa mashini osokera. Kuyambira 1994 sukulu ya pulayimale ndi yaulere. Mwana waluso asanamizidwe kuti mawu ake ndi okwanira. Woyimba wosaphunzira amasayina pepala limene sakulimva, ndipo phindu la thukuta lake amadya ndi ena. Wowerenga Qur'an wosaphunzira amathera pa kudikira sadaka ya pamaliro. Mwana agwire Juzu Amma dzanja ili, buku la masamu dzanja linalo.

Chachitatu ndi chakuti kutchuka kumafuna nangula. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Sam Cooke uja anaphedwa ndi mfuti mu 1964 ali ndi zaka 33 zokha, ali pachimake pa kutchuka. Woyimba soul wina, Joe Tex, anatenga dzina la Yusuf Hazziez, ndipo mu 1972, nyimbo zake zikugulidwa kwambiri, anasiya kuyimba kwa zaka zingapo n'kukatumikira gulu la Nation of Islam, lomwe ziphunzitso zake zinali zosiyana ndi Chisilamu chimene ife timachidziwa. Chimene tikuonapo n'chakuti m'manja mwa anthu zikwizikwi simunamukhutitse mtima. Ngozi imeneyi siili pa oyimba a m'maholo okha. Mnyamata wowerenga Qur'an bwino naye akhoza kudwala matenda a riya, kuchita zabwino pofuna kuti anthu amuone. Akayamba kusankha maliro a anthu olemera, akayamba kukwiya chifukwa maikolofoni apatsa mnzake, dziwani kuti matendawo alowa. Mankhwala ake ndi kumuphunzitsa niya adakali wamng'ono, kuti mawuwo ndi amana, chinthu chosungitsidwa, ndipo Mwini wake adzafunsa mmene anagwiritsidwira ntchito. Kuongola mtengo m'poyamba.

Tsono tichite chiyani? Sitikupempha magitala kapena ndalama za kunja. Zimene tikupempha zili m'manja mwathu.

Inu mayi ndi inu bambo, mukamva mwana akuyimba, imani kaye mumvetsere. Ngati mawu a nyimboyo ndi oipa, muuzeni chifukwa chake, kenaka mupatseni ina yabwino. Mukatero mupite naye kwa mwalimu mukanene kuti mwana uyu ali ndi mawu, tithandizeni. Mwana wamkazi asasiyidwe m'mbuyo. Misonkhano ya amayi, maukwati ndi madrasa a atsikana akusowa owerenga ndi otsogolera kaswida, ndipo mtsikana wophunzira tajwid lero ndiye mwalimu wa ana athu mawa.

Ife aphunzitsi, tipatule tsiku limodzi pa sabata loti ana aziwerenga mmodzimmodzi, anzawo akumvetsera. Tisankhe a mawu abwino tiwaphunzitse katchulidwe koyenera ndi kapumidwe. Mnyamata amene wakonzeka apatsidwe mpata woitana azana ya Asr, wamkulu ataima pambali pake. Palibe chimene chimamangirira mwana ku mzikiti ngati kudziwa kuti mudzi wamva mawu ake ndipo wabwera kudzaswali.

Inu a komiti ya mzikiti, kumbukirani kuti mwalimu wa njala sangakhale ndi ana mpaka dzuwa kulowa. Thumba la chimanga, ndowa ya usipa kapena kandalama ka pamwezi n'zimene zimasunga madrasa. Konzani mpikisano wa kuwerenga Qur'an ndi kaswida pakati pa midzi yoyandikana, kamodzi pa miyezi itatu kapena m'mwezi wa Ramadhani. Mphotho isakhale yodula: msahafu, kanzu, hijabu, makope ndi zolembera. Chimene mwana amafuna kwenikweni ndi kuona agogo ake atakhala kutsogolo akugwedeza mutu.

Ndipo inu achinyamata amene mwayamba kale kujambula kaswida ndi kuzitumiza ku Radio Islam kapena pa foni, tolani phunziro lina kwa Soja. Anthu sanamukonde chifukwa cha mawu okha. Anamukonda chifukwa ankayimba zimene zinkawapweteka. Chisilamu chili ndi zambiri zonena pa mwana wamasiye wolandidwa munda, pa sikelo yobera mlimi, pa bambo wopita ku Joni n'kuiwala banja, pa mtsikana wokwatiwitsidwa asanamalize sukulu. Nenani zimenezi m'chilankhulo chimene agogo a kumudzi angamve, mwaulemu ndi mopanda mantha. Mukatero simudzasowa okumverani.

Parishi ina ku Balaka inatsegulira khomo mwana wa mmphawi mu 1983, ndipo dziko linamva mawu ake kwa zaka makumi anayi. M'madrasa athu, kuyambira kuno ku mapiri mpaka ku Makanjira, mwakhala ana pamkeka amene Allah anawapatsa mphatso yonga yomweyo. Ena mwa iwo chaka chamawa adzakhala atapeza kale wowamvetsera. Tiyeni tiyesetse kuti wowamvetserayo tikhale ife.

Allah atipatse makutu omva ana athu, awateteze ku kudzikweza, ndipo mawu awo awachitire umboni wabwino pa Tsiku la Chiweruzo. Amin. Tikumanenso m'kope lotsatira, Insha Allah.